Nduwira, ndevu ndi yunifolomu: mafunso ndi mayankho okhudza asilikali achisikhi

Mnyamata wachisikhi akafuna kulowa usilikali m'maiko ena amakumana ndi malamulo awiri osamvana. Chipembedzo chake chimati asamete tsitsi kapena ndevu, ndipo avale nduwira kumutu. Bukhu la malamulo a usilikali limati aliyense amete mpala tsiku loyamba, ndevu zisaoneke, ndipo chipewa chikhale chimodzimodzi kwa onse. Mkangano umenewu wafika m'makhoti a ku America kangapo, wautsa mapiri pachigwa ku India, ndipo mbiri yake imakhudzanso dziko la Malawi.

Kodi Asikhi ndi ndani, nanga n'chifukwa chiyani sameta?

Chisikhi chinayambira ku Punjab, dera lomwe lero lili mbali ina ku India mbali ina ku Pakistan. Anachiyambitsa ndi Guru Nanak, yemwe anabadwa mu 1469. Asikhi si Asilamu ndipo si Ahindu, ngakhale anthu ambiri akaona nduwira amawasokoneza ndi magulu awiriwa.

Za kavalidwe zinakhazikika mu 1699, pamene mphunzitsi wawo wa nambala 10, Guru Gobind Singh, anakhazikitsa gulu la olumbira lotchedwa Khalsa mumzinda wa Anandpur. Wolowa m'gululi amasunga zinthu zisanu pathupi pake usana ndi usiku: tsitsi losameta, kachipeso kamtengo, chibangili chachitsulo padzanja, kabudula wamkati wosokedwa mwapadera, ndi kalupanga kotchedwa kirpan. Tsitsi losameta likutanthauza lathupi lonse, ndevu zomwe. Nduwira imaphimba tsitsilo, lomwe amalimanga mfundo pamwamba pamutu. Kwa Msikhi wolumbira, kumeta ndi limodzi mwa machimo akuluakulu omwe amaphwanya lumbiro lake, moti akachita amayenera kukaonekera pamaso pa anzake n'kulumbiranso.

Si Msikhi aliyense amene amasunga zonsezi. Alipo ambiri ometa, ndipo iwowo salimbana ndi lamulo lililonse la usilikali.

Bwanji osangovula nduwirayo pa nthawi ya ntchito, n'kuvalanso akaweruka?

Nduwira ingavulidwe, koma tsitsi ndi ndevu sizibwerera madzulo munthu akaweruka. Lumo likadutsa, lumbiro lasweka basi. Komanso msilikali sakhala ndi nthawi yoweruka ngati wa mu ofesi. Akakhala pa maphunziro kapena kunkhondo amavala yunifolomu miyezi yathunthu.

Nanga akuluakulu a asilikali amaopa chiyani kwenikweni?

Amatchula zifukwa ziwiri, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa chifukwa kulemera kwake n'kosiyana.

Choyamba ndi kufanana. Amati usilikali umayamba ndi kuchotsa mwa munthu mtima wa "ine" kuti asanduke mbali ya gulu. Kumeta mpala, kuvala zofanana ndi kuguba mofanana ndi njira yophunzitsira kumvera, ndipo mmodzi akaoneka mosiyana, ena amayamba kufunsa chifukwa chake iye akuloledwa. Chachiwiri ndi chitetezo cha msilikaliyo ndi anzake: chisoti chankhondo chiyenera kukhala bwino pamutu, ndipo masiki yoteteza ku mpweya wapoizoni iyenera kumamatira kunkhope popanda kampata.

Kuona kwanga, chifukwa chachiwirichi ndi chenicheni ndipo chimafuna yankho la akatswiri. Choyambacho chimamveka bwino pakamwa, koma chikafika pamaso pa woweruza chimasowa umboni, monga tionera pansipa.

Kodi Asikhi kuvala nduwira kunkhondo ndi chinthu chachilendo?

Ayi ndithu. Angerezi atagonjetsa ufumu wa Asikhi mu 1849 anayamba kuwalemba usilikali mwaunyinji, ndipo sanangowalola kusunga nduwira ndi ndevu, koma ankawakakamiza kutero. M'magulu achisikhi a nthawi imeneyo, wolowa kumene ankayenera kulumbira m'Khalsa, chifukwa atsamunda ankakhulupirira kuti msilikali wosunga mwambo wake amakhala wolimba mtima ndi wokhulupirika. Pa 12 September 1897, asilikali 21 achisikhi anafera pamalo otchedwa Saragarhi, kumalire ndi Afghanistan, atakana kugonja kwa adani zikwizikwi. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse anamenya nkhondo ku Ypres, ku Neuve Chapelle ndi ku Gallipoli atavala nduwira. Pa yachiwiri anali ku Burma, ku Italy ndi kumpoto kwa Africa. Hardit Singh Malik, yemwe ankayendetsa ndege zankhondo za Angerezi pa nkhondo yoyamba, anamupangira chisoti chachikulu chovala pamwamba pa nduwira.

Apa Amalawi tili ndi gawo lathu. Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi m'dziko muno mu 1891, asilikali ake oyamba anali ochokera ku India, pafupifupi 70, ambiri mwa iwo Asikhi, motsogozedwa ndi Kapiteni Cecil Maguire. Maguire anaphedwa kumapeto kwa chaka chomwecho polimbana ndi anthu a Makanjira kunyanja, ndipo dzina lake linatsala pa Fort Maguire ku Mangochi. Asikhi enanso anabwera m'zaka zotsatira. Anali nawo pa nkhondo zolimbana ndi Makanjira ndi Jalasi, komanso pogumula linga la Mlozi ku Karonga mu December 1895. Ndiwo ankaphunzitsa perete ndi mfuti Atonga ndi Ayao oyamba kulembedwa usilikali, m'gulu lomwe linadzakhala mbali ya King's African Rifles mu 1902.

Mbiri imeneyi ili ndi mbali ziwiri. Nkhondozo zinathandiza kuthetsa malonda a akapolo, koma zinalinso nkhondo zolanda dziko, ndipo mafumu ena amene anagonjetsedwa sanali ogulitsa akapolo. Komabe pa funso lathu mfundo yake ndi yomveka: asilikali omwe anaphunzitsa makolo athu kuguba mofanana anali anthu a ndevu ndi nduwira, ndipo palibe anadandaula kuti mwambo wa usilikali wasokonekera.

Ndiye ku America zinavuta pati?

Kumeneko ndi kumene nkhaniyi yakhala nthawi yaitali m'makhoti. Kale ankawalola. Bhagat Singh Thind analowa usilikali wa America mu 1918 atavala nduwira, ndipo ena anatsatira m'zaka za m'mbuyo mwake. Koma mu 1981 akuluakulu a gulu lankhondo lapamtunda anachotsa chilolezocho kwa olowa kumene. Omwe anali kale m'kati anawasiya apitirize, koma khomo linatsekeka.

Patapita zaka zisanu, khoti lalikulu la dzikolo linalimbitsa dzanja la akuluakuluwo. Simcha Goldman, Myuda wogwira ntchito m'gulu lankhondo lam'mlengalenga, anamuletsa kuvala kachipewa kachipembedzo chake ali mu yunifolomu. Mu 1986 oweruza asanu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti pa nkhani za kavalidwe, makhoti azimvera maganizo a asilikali. Aphungu a nyumba ya malamulo sanakondwe nazo, ndipo mu 1987 anakhazikitsa lamulo lolola zovala zachipembedzo zaudongo ndi zosakopa maso. Lamuloli linathandiza Ayuda, koma Asikhi sanapindule nalo chifukwa silinakhudze tsitsi ndi ndevu.

Chida chimene chinadzawathandiza ndi lamulo la 1993 lotchedwa Religious Freedom Restoration Act. Lamuloli limati boma likafuna kupondereza chipembedzo cha munthu, lionetse kuti lili ndi chifukwa chachikulu kwambiri, komanso kuti palibe njira ina yopepukirapo yokwaniritsira cholingacho. Kungonena kuti "ndi mwambo wathu" sikukwanira.

Mu 2009 dokotala Kamaljeet Singh Kalsi ndi dokotala wa mano Tejdeep Singh Rattan anapatsidwa chilolezo chapadera, ndipo mu 2010 Simran Preet Singh Lamba analowa ngati msilikali wamba. Kalsi anakagwira ntchito ku Afghanistan mu 2011 n'kulandira mendulo ya Bronze Star. Koma zilolezozi zinali za munthu mmodzimmodzi, zochedwa kutuluka, ndipo zikanatha kulandidwa nthawi ina iliyonse.

Mu June 2015, woweruza Amy Berman Jackson anagamula mokomera Iknoor Singh, wophunzira pa yunivesite ya Hofstra yemwe anamukaniza maphunziro a usilikali pokhapokha atameta. M'chigamulocho munatuluka chiwerengero chimene chinafoola mfundo ya kufanana ija: kuyambira 2007, gulu lankhondo lapamtunda la America linali litapereka zilolezo zoposa 100,000 zosunga ndevu pa zifukwa za matenda apakhungu. Ambiri olandira zilolezozi ndi anthu akuda, omwe amatuluka timatuza akameta ndi lumo, vuto limene amuna ambiri kuno kwathu amalidziwa bwino. Ngati anthu ochuluka chonchi akuyenda ndi ndevu gulu osasokonekera, ndevu za Msikhi mmodzi zingaligwetse bwanji?

Kenako kunabwera nkhani ya Kapiteni Simratpal Singh. Iyeyu anameta polowa sukulu ya usilikali ya West Point mu 2006, anamaliza mu 2010, anakagwira ntchito yochotsa mabomba m'misewu ku Afghanistan, nalandira Bronze Star. Atatumikira zaka zimenezi anapempha kubwerera ku mwambo wake, ndipo mu December 2015 anamulola mongoyembekezera. Atamuuza kuti akayesedwe mwapadera ndi chisoti komanso masiki, mayeso omwe asilikali ena a ndevu sankapatsidwa, anakasuma. Woweruza Beryl Howell analetsa mayesowo mu March 2016, ponena kuti kumusankha yekha kunali tsankho.

Mu January 2017 nduna yoyang'anira gulu lankhondo lapamtunda, Eric Fanning, inatulutsa lamulo latsopano lopatsa mphamvu akuluakulu a m'magulu kuvomereza nduwira, ndevu, ndi hijabu kwa amayi achisilamu. Mwa lamulo limenelo, chilolezocho chikaperekedwa chinkayenda ndi msilikaliyo kulikonse kumene angasamutsidwire. Gulu lam'mlengalenga linalola Harpreetinder Singh Bajwa mu 2019, n'kusintha malamulo ake mu 2020.

Otsiriza kugonja anali a Marine Corps, gulu la America lomenya nkhondo pamtunda ndi panyanja, omwe amanyadira kwambiri kumeta mpala kwa tsiku loyamba. Iwo anati Msikhi angasunge ndevu akamaliza maphunziro, koma pa masabata 13 a maphunzirowo amete. Pa 23 December 2022 khoti la apilo ku Washington linakana zimenezi, litaona kuti pa maphunziro omwewo amalola kale ndevu za odwala khungu, tsitsi lalitali la akazi, ndi mphini zojambula pathupi. Jaskirat Singh anamaliza maphunzirowo ku San Diego mu August 2023, nduwira ili kumutu.

Koma za masiki zija ndi zoona? Ndevu sizilowetsa mpweya wapoizoni?

Pamenepa pali choonadi, ndipo ochirikiza Asikhi amalakwa akamachipeputsa. Masiki yankhondo imateteza chifukwa mphira wa m'mbali mwake umagwira khungu. Munthu akamakoka mpweya, m'kati mwa masiki mumakhala mphamvu yokoka, ndipo kampata kalikonse kamalowetsa mpweya wakunja osadutsa m'sefa. Tsitsi likakhala pakati pa mphira ndi khungu, timipata timeneti timachuluka. Ndi chifukwa chake ngakhale m'mafakitale a mankhwala, ovala masiki zotere amauzidwa kumeta.

Mbali inayo ndi yakuti Asikhi angapo, kuphatikizapo Kalsi ndi Simratpal Singh, anapambana mayeso a nthawi zonse a masiki ali ndi ndevu. Amazipinda n'kuzimanga mothina pansi pa chibwano. Harjit Sajjan, yemwe anatumikira m'gulu lankhondo la Canada ku Bosnia ndi katatu ku Afghanistan, anapanga yekha chovala chakumutu chothandiza kuti masiki igwire pa munthu wa ndevu, ndipo anachilembetsa ku boma ngati luso lake. Munthu yemweyu anadzakhala nduna ya zachitetezo ya Canada kuyambira 2015 mpaka 2021. Palinso masiki zina zokhala ndi kainjini kopopera mpweya wosefedwa m'kati, zomwe sizidalira kumamatira kunkhope, kungoti ndi zodula ndipo zimafuna mabatire.

Lamulo la 2017 lija linavomereza poyera kuti ndevu zimachepetsa chitetezo cha masiki wamba. Mmalo moletsa ndevu kwa aliyense, linati msilikali wa ndevu asapatsidwe ntchito kapena maphunziro okhudza mankhwala apoizoni enieni, ndipo pakakhala chiopsezo chodziwika cha zida zotere, mkulu wake angamulamule kumeta. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi yanzeru: lamulo limaluma pamene pali ngozi, osati pa kalaliki wa m'nyumba yosungira katundu yemwe sadzaonako utsi wapoizoni moyo wake wonse.

Nanga chisoti chimalowa bwanji pamwamba pa nduwira?

Sichilowa, ndipo ku America, Britain ndi Canada palibe amayesa. Msilikali amavula nduwira yaikulu n'kumanga kansalu kopyapyala kotchedwa patka, tsitsi n'kulitsitsira cha kunkhongo, chisoti n'kukhala pamwamba. Asikhi ambiri a m'maiko amenewa amavomereza zimenezi.

Chodabwitsa n'chakuti mkangano wa chisoti ndi waukulu ku India, kwawo kwenikweni, kumene Asikhi afika pa maudindo apamwamba kwambiri: J. J. Singh anakhala mkulu wa asilikali apamtunda mu 2005, Bikram Singh mu 2012. Kumeneko nduwira ndi mbali ya yunifolomu ndipo palibe amaitsutsa. Koma mu January 2023 unduna wa zachitetezo utalengeza kuti ukufuna kugula zisoti 12,730 zopangidwa mwapadera, zokhala ndi malo a mfundo ya tsitsi, atsogoleri achipembedzo anakana kwamtuwagalu. Giani Harpreet Singh, yemwe pa nthawiyo ankatsogolera Akal Takht, mpando waukulu wa Asikhi ku Amritsar, anatsutsa ganizoli, chifukwa mwambo wawo umaletsa kuvala chipewa mmalo mwa nduwira. Asilikali ena opuma achisikhi anayankha kuti oyendetsa ndege ndi akasinja akhala akuvala zisoti kwa zaka zambiri, ndipo chipolopolo sichisankha. Mkanganowu ndi wakale: ngakhale pa nkhondo yachiwiri, Asikhi ena ku Hong Kong anazengedwa milandu chifukwa chokana zisoti zachitsulo.

Choncho si zoona kuti mbali imodzi kuli boma, mbali inayo kuli Asikhi onse. Eni akewo amasiyana maganizo pa malire a zimene angalolere.

Ku Britain ndi ku Canada zili bwanji?

N'zosavuta kwenikweni. Gulu lankhondo la Britain limapereka nsalu ya nduwira ya mtundu wogwirizana ndi chipewa cha gulu, baji n'kuikidwa kutsogolo. Mu December 2012 Jatinderpal Singh Bhullar wa gulu la Scots Guards analondera kunyumba yachifumu ya Buckingham Palace atavala nduwira mmalo mwa chipewa chachitali chaubweya chomwe alonda a kumeneko amavala. Ndipo mu 2024 asilikali onse apamtunda a Britain analoledwa kusunga ndevu, kaya ndi achipembedzo kapena ayi. Canada inachita chimodzimodzi mu 2018. Ku Canada phokoso lalikulu linali la apolisi a RCMP, pamene boma linasintha lamulo mu 1990 kuti Baltej Singh Dhillon avale nduwira. Anthu zikwizikwi anasaina zikalata zokana, koma makhoti anaikira kumbuyo kusinthako.

Nanga lupanga lija?

Nthawi zambiri limakhala laling'ono, lobisika m'kati mwa malaya. Kwa munthu amene boma lamupatsa kale mfuti ndi mpeni womangirira kunsonga kwa mfutiyo, lupanga lotere silidetsa nkhawa akuluakulu ambiri. Mikangano ya kirpan imachitikira m'masukulu, m'makhoti ndi m'mabwalo a ndege.

Mukalola mmodzi, kodi aliyense sadzabwera ndi zake?

Adzabwera, ndipo anabweradi. Lamulo la 2017 litangotuluka, Asilamu ndi Ayuda anapempha ndevu, ndipo ngakhale otsatira chipembedzo chakale cha kumpoto kwa Ulaya anapatsidwa chilolezo. Ena amakayikira ngati onsewa ali okhulupiriradi kapena angotopa ndi lumo. Kukayikira kumeneku sikopanda pake, ndipo n'chifukwa chake wopempha amayamba wacheza ndi m'busa wa asilikali, yemwe amalemba maganizo ake ngati chikhulupirirocho chili chochokera pansi pa mtima.

Komanso chilolezo sichitanthauza kuvala mmene munthu wafunira. Lamulo la ku America linanena mtundu wa nsalu, kuti ifanane ndi yunifolomu, malo oika chizindikiro cha udindo, ndiponso kuti ndevu zikapitirira mainchesi awiri kuchokera pachibwano zipindidwe kapena kumangidwa. Msikhi wa pa perete amayenderedwa ngati wina aliyense, ndipo nduwira yopindika imamupezetsa chilango chimodzimodzi ndi nsapato yosapolisha.

Owerenga a ku Malawi akumbukira kuti mantha omwewa anamveka pa nkhani ya ana achirasta. Masukulu a boma ankati mwana aliyense amete kuti afanane ndi anzake, mpaka mu May 2023 pamene khoti lalikulu ku Zomba, kudzera mwa Jaji Zione Ntaba, linagamula kuti kuwakaniza sukulu chifukwa cha tsitsi lawo n'kuphwanya ufulu wawo. Sukulu si usilikali, ndipo m'kalasi mulibe masiki kapena chisoti, koma funso limene woweruza amafunsa ndi lofanana: kodi lamuloli likuteteza chinthu chenicheni, kapena likungoteteza maonekedwe omwe akuluakulu anazolowera?

Ndiye kuti nkhaniyi inatha?

Ku India, Britain ndi Canada, ufulu wovala nduwira ndi kusunga ndevu ndi wokhazikika. Ku America unalembedwa m'malamulo a m'kati mwa magulu ankhondo, omwe nduna ingasinthe ndi siginecha imodzi. Pa 30 September 2025, nduna ya zachitetezo Pete Hegseth inasonkhanitsa akazembe ankhondo mazanamazana kumalo a asilikali ku Quantico n'kuwauza kuti nyengo ya ndevu yatha. Chikalata chomwe chinatuluka pa nthawi yomweyo chinalamula kuti zilolezo za ndevu pa zifukwa zachipembedzo zibwerere mmene zinalili chaka cha 2010 chisanafike, ndipo zilolezo za odwala khungu nazonso zinafinyidwa. Bungwe la Sikh Coalition, lomwe linaimira ambiri mwa anthu tawatchula pamwambapa, linatsutsa nthawi yomweyo.

Chomwe nduna singafufute ndi lamulo la 1993 lija, chifukwa linapangidwa ndi nyumba ya malamulo, ndipo zigamulo za 2015, 2016 ndi 2022 zonse zinatsamira pa ilo. Msikhi aliyense amene angakanizidwe angathe kupitanso kukhoti, ndipo boma lidzayenera kuonetsa chifukwa chake sizingatheke lero, pamene kuyambira 2010 asilikali a nduwira akhala akumaliza maphunziro, kupita kunkhondo ndi kukwezedwa maudindo m'gulu lomwelo.